Kafayilo kobwererabwerera pa fulashi: lipoti la ntchito ya pa papelaria ina ku Ulongwe

Ndimakonza makompyuta ndi mafoni ku Vila Ulongwe, m'boma la Angónia. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi muno m'chigawo cha Tete, a ku Furancungo, Tsangano, Zóbue ndi Moatize, komanso a kutsidya kwa malire ku Dedza ndi Ntcheu, poti mafulashi amene amatisowetsa mtendere ndi omwewo: m'mawa ali kuno, masana awoloka pa Calómue. Eni malo anandilola kulemba nkhaniyi, koma dzina lawo ndi la shopu yawo ndasunga.

Dandaulo

Munali mu Juni, chisanu chitafika pachimake, pamene amayi ena achikulire, eni papelaria ya pafupi ndi msika, anandiimbira foni. Pa shopu yawo amataipa ndi kusindikiza za mtundu uliwonse: ma requerimento, ma CV, mafotokope a BI (chitupa cha unzika) ndi NUIT (nambala ya msonkho), mayeso a aphunzitsi, malipoti a ophunzira zaulimi a ku UniZambeze, mindandanda ya magulu a alimi a mbatatesi ndi soya. Tsiku la msika, mafulashi olowa m'makina awo amapitirira 20.

"Mwana wanga, tabwerani mudzaone," anatero. "Muli kanthu mu kompyutamu kosamva kufufutidwa. Tikakachotsa, tisanaphethire n'komwe kabwerera. Makasitomala ayamba kunena kuti tikuwadyera zolemba zawo."

Nditafika ndinapeza kuti kanthu kaja kanali zinthu zitatu zosiyana, zimene pa shopupo anali atazimanga mtolo umodzi. Pa Ambiente de Trabalho, sikirini yoyamba ija ya Windows, panali timafayilo tiwiri totuwa, tonse dzina limodzi, desktop.ini. Pa fulashi iliyonse yolowa m'makinawo pankatulukira fayilo yotchedwa fotos, ngakhale mwini fulashi asanajambulepo chithunzi chilichonse. Ndipo zolemba za makasitomala zinkasanduka ma atalho, timafayilo tongoloza ku fayilo ina, tija tokhala ndi kamuvi kopindika pakona.

Makinawo ndi a kaunjika: Windows 10 ya Chipwitikizi yosaonapo update chiikireni, RAM ya 4 GB, hard disk ya 500 GB, akaunti imodzi yolowera aliyense popanda pasiwedi. Intaneti amalumikiza mwa apo ndi apo kudzera pa foni, pakakhala chikalata chofunika kutumiza pa imelo. Wotaipa ndi mtsikana wa zaka za m'ma 20, mwana wa mng'ono wawo wa amayiwo.

Ine ndisanaitanidwe kunabwera kaye mnyamata wina wodziwako za makompyuta. Pofunafuna zolemba zosowa, analowa mu Opções do Explorador de Ficheiros n'kulamula kuti Windows izionetsa mafayilo onse obisika, ngakhale a sisitemu yeniyeniyo. Pamenepa sanalakwitse. Koma kuyambira tsiku limenelo anthu a pa shopu anayamba kuona zinthu zimene zinalipo kale mseri, nayesa kuti zangofika kumene. Fotos uja atakana kuchoka, mnyamatayo anafomata fulashi ya shopu katatu. Anafomatanso fulashi ya mphunzitsi wina imene munali mayeso ndi manotsi a zaka zinayi.

Tsiku loyamba

Ndinayamba ndi desktop.ini chifukwa ndi timene amayiwo ankatiloza ndi chala. Ndinatsegula kamodzi mu Bloco de Notas iwo akuona. Munali mizere yowerengeka: wina wolembedwa .ShellClassInfo, wina woyamba ndi LocalizedResourceName woloza ku shell32.dll. Ntchito ya kafayiloka ndi kuuza Windows dzina ndi chithunzi chimene foda izionekera nacho. Ndi komwe kamachititsa kuti foda imene pa disiki imatchedwa Desktop ioneke ngati Ambiente de Trabalho kwa amene Windows yake ndi ya Chipwitikizi. Tinalipo tiwiri chifukwa zimene timaona pa sikirini ndi mafoda awiri osanjikizana, ina ya mwini akaunti, ina ya Public, ndipo iliyonse ili ndi kake. Ukatifufuta, Windows imadzatilembanso ikatifuna. Ndinawauza kuti amenewa ndi eni nyumba, asiyeni.

Eni nyumba otere alipo ambiri, ndipo ndaona anthu akulipira ndalama kuti "awachotsere". Thumbs.db imasunga tizithunzi ting'onoting'ono ta m'foda. Kafayilo koyamba ndi zizindikiro za ~$ kamabadwa Word ikatsegula chikalata, kukula kwake ndi mabayiti 162, kamasunga dzina la amene watsegula, ndipo kamatsalira magetsi akathima chikalata chili chotsegula. Foda ya System Volume Information imabwera pa fulashi iliyonse yolowa mu Windows 10, ya LOST.DIR imaikidwa ndi foni ya Android, ya FOUND.000 imasiyidwa ndi chkdsk ikamaliza kukonza disiki. Mu 2020 ambiri tinasautsidwanso ndi debug.log, imene mabrawuza omangidwa pa Chromium ankasiya m'mafoda a anthu. Zonsezi zimabwerera ukazifufuta, ndipo palibe chimene chili ndi chiwembu. Kubwerera pakokha si umboni wa matenda. Kumangotiuza kuti pali pulogalamu yamoyo imene ikulemba, ndipo ntchito yathu ndi kuipeza pulogalamuyo.

Fotos anali nkhani ina. Nditalamula kuti Windows izionetsa michira ya mayina, dzina lake lonse linaoneka: fotos.vbs, ya 70 KB. Chithunzi sichikhala ndi mchira wotere. Ndinadula intaneti nthawi yomweyo, n'kupempha kuti pasalowenso fulashi ya kasitomala kufikira nditamaliza.

Ndimayenda ndi fulashi ziwiri. Ina ili ndi kabatani kotsekera kuti isalembedwe, ndipo ndi mmene muli zida zanga. Inayo ndi ya nyambo, yopanda kanthu, yoti igwidwe matenda. Kuchokera pa yoyambayo ndinatsegula Process Monitor, chida chaulere cha Sysinternals, ija ya Mark Russinovich ndi Bryce Cogswell imene inalowa m'manja mwa Microsoft mu 2006. Chidachi chimaonetsa pulogalamu iliyonse imene yakhudza fayilo kapena registry, kaundula mmene Windows imasunga makonzedwe ake. Chovuta chake n'chakuti chimalavula mizere masauzande pa mphindi imodzi, kotero wosasefa amangozunguzika mutu. Ndinaika sefa imodzi yokha: Path, begins with, E:\, chimene chinali chilembo cha fulashi ya nyambo. Kenako ndinailowetsa, n'kupinda manja.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sipanathe nthawi, mzere unabwera: wscript.exe yalenga E:\fotos.vbs, yalembamo, yaipaka zizindikiro ziwiri zobisira. Ndinaifufuta. Patatha masekondi asanu, wscript.exe inalembanso. Ndinafufuta kachiwiri, masekondi asanu, yalembanso. Ndinaitana amayiwo ndi mtsikana uja kuti awerenge nane mokweza, ndipo ulendo uliwonse tikafika pa "zisanu" fayilo inkatulukira. Mtsikanayo ndi amene anayamba kumvetsa. "Ndiye kuti si fulashi, achimwene. Ndi kompyutayi." Anakhoza. Kufomata fulashi katatu konse kuja kunali ngati kukokola dothi la chiswe pakhoma, chulu chili pansi pa nyumba.

Wscript.exe payokha si kachilombo. Ndi gawo la Windows, ndipo ntchito yake ndi kuwerenga malamulo olembedwa mu VBScript kapena JScript n'kuwachita, osafunsa kuti wawalemba ndani. N'chifukwa chake munthu akayang'ana mu Gestor de Tarefas, mndandanda wa mapulogalamu amene akuyenda, amaona dzina looneka bwino n'kudutsa. Chofunika ndi kuona chimene ikuwerenga. Ndinadina kawiri pa mzere umodzi mu Process Monitor, ndipo pa Command line panalembedwa wscript.exe //B, kenako njira yopita ku AppData\Local\Temp\fotos.vbs. Ka //B kaja kamauza wscript kuti igwire ntchito mwakachetechete, osaonetsa uthenga uliwonse pa sikirini ngakhale china chitalakwika.

Pofuna kuti aone zimene zinkachitikira zolemba za makasitomala, ndinaika makalata awiri a Word pa fulashi ya nyambo. Nthawi yomweyo kachilomboko kanawabisa, n'kuika ma atalho a mayina omwewo ndi chithunzi chomwecho cha Word. Mu Propriedades za atalho imodzi munali mawu awa: cmd.exe /c start fotos.vbs&start carta.docx&exit. Apa ndi pamene pagona nzeru zake zonse. Kasitomala akafika kunyumba n'kudina pa kalata yake, kachilombo kamayamba kudzuka, kenako kalata imatseguka bwinobwino. Iye amaona kalata yake, mtima uli m'malo, pamene kompyuta yake yatenga kale. Kale tizilombo ta pa fulashi tinkadziyambitsa tokha kudzera mu autorun.inf, monga ankachitira Conficker wa mu 2008. Microsoft inatseka khomo limenelo mu Windows 7, ndipo mu Febuluwale 2011 inatumiza update yolitsekanso mu XP ndi Vista. Olemba tizilombo atataya khomo limenelo anatembenukira ku chala cha munthu.

Tsopano funso linali lakuti amaidzutsa ndani wscript makina akayaka. Autoruns, chida china cha Sysinternals, inaonetsa malo awiri: mu registry pa HKCU\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Run, ndi m'foda ya Startup, ya zinthu zoyamba zokha makina akayaka, mmene munali kope lina la fotos.vbs. Pano pali dongosolo loyenera kutsata, ndipo ambiri amalephera chifukwa cholisemphanitsa. Kachilomboka, pa kuzungulira kulikonse kwa masekondi asanu, sikalemba pa fulashi pokha. Kamabwezeretsanso mzere wake mu registry ndi kope lake mu Startup. Ukayamba ndi kufufuta zimenezo iko kali moyo, ukungotaya nthawi. Ndinayamba ndi kupha wscript.exe, kudikira mphindi imodzi kuti ndione ngati idzukanso, kenako kuchotsa malo awiri aja, kenako fayilo ya mu Temp. Ndinayang'ananso mu Programador de Tarefas ngati munali ntchito yachilendo, munalibe. Nditazimitsa ndi kuyatsanso makina, fulashi ya nyambo inakhala mphindi 20 popanda woikhudza.

Chinandidabwitsa n'chakuti Defender, antivirus ya Windows yomwe, inali phee nthawi yonseyi, pomwe kachilomboka n'kakale. Ndinapeza kuti amene anaika Windows m'makinamo anaitseka dala kudzera mu registry, pa DisableAntiSpyware, kuti isamachotse kapulogalamu kake kozembera chiphaso cha Windows. Ichi ndimachipeza kawirikawiri m'makina a kaunjika, ndipo chimandipweteka, chifukwa wogula sauzidwa kuti wagula nyumba yopanda chitseko. Ndinachotsa kapulogalamuko ndi mzerewo, tinagula bandulo, Defender inatenga update, n'kusanthula disiki yonse kwa maola awiri. Zotsalira zimene inapeza inazitchula kuti Worm:VBS/Jenxcus.

Dzinali si lachilendo. Mu Seputembala 2013 kampani ya FireEye inalemba za kachilombo ka VBScript kotchedwa H-Worm, ka munthu wodzitcha Houdini, ka m'gulu limeneli. Mu Juni 2014 Microsoft inapita kukhoti n'kulanda mayina a pa intaneti a No-IP pofuna kudula njira zimene Jenxcus ndi kachilombo kena kotchedwa Bladabindi ankalankhulirana ndi eni ake. Ndikutchula izi chifukwa kubisa mafayilo si cholinga chake, ndi njira yoyendera basi. Makina akalumikizidwa pa intaneti, kamalengeza kwa mwini wake kuti kakonzeka, ndipo iye akhoza kukalamula kutumiza mafayilo, kukopera mapulogalamu ena, kapena kuyendetsa lamulo lililonse. M'makina a papelaria muli zithunzi za BI za anthu mazana. Ndinawafotokozera amayiwo zimenezi mosabisa. Tinasintha pasiwedi ya imelo ya shopu kudzera pa foni, ndipo anavomera kuti BI ya munthu izifufutidwa ntchito ikatha.

Kukonza mafulashi kunali kopepuka. Mu cmd, zenera lolemberamo malamulo, ndinalemba del /s /a E:\*.lnk kuchotsa ma atalho, del /a /f E:\fotos.vbs kuchotsa kachilombo, kenako attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kubwezera poyera zonse zobisika. Chongosamala ndi chilembo cha fulashi, usalembe cha disiki ya makina. Tsiku limenelo tinakonza mafulashi asanu ndi awiri, ndipo palibe chikalata chinasowa. Mayi wina wa gulu la alimi ataona mndandanda wa ngongole za mbewu wabwerera anangoti, "Zikomo bambo, ndimaopa kuti anzanga anena kuti ndaufufuta dala."

Fulashi ya mphunzitsi

Iyi ndiyo inandiwawa. Zolemba za mphunzitsiyo sizinadyedwe ndi kachilombo. Zinali zobisika chabe, zonse zilipo, ndipo attrib ikanazibweza m'masekondi ochepa. Chinaziwononga ndi mankhwala.

Mwayi unalipo wakuti mnyamata uja anagwiritsa ntchito formatação rápida. Kufomata kwa changu kumafafaniza mndandanda wa mafayilo pokha, monga kung'amba tsamba la zamkatimu bukhu lonse lilipo. Kufomata kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista, kumalemba maziro pa disiki yonse, ndipo pamenepo sipatsala choti n'kutola. Tsoka linali lakuti mphunzitsiyo, atataya mtima, anapereka fulashi kwa ana ake amene anaikamo mafilimu awiri. Chilichonse chatsopano cholowa mu fulashi yofomatidwa chimagona pamwamba pa zakale.

Ndinaitengera kwanga n'kuyendetsapo PhotoRec, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier. Iyo siyang'ana mndandanda. Imayenda pa disiki kachigawo ndi kachigawo kufunafuna poyambira pa mafayilo amene imawazindikira. Zimene yapeza uyenera kuzisunga pa disiki ina, osati pa fulashi yomweyo. Zinatuluka zolemba 41 zotseguka bwino, zina zisanu ndi chimodzi zodukaduka, ndipo zonse zopanda mayina awo akale, zongolembedwa f ndi manambala. Tinakhala nawo madzulo athunthu, ine kutsegula, iwo kutchula kuti awa ndi mayeso a kalasi yakuti, chaka chakuti. Manotsi a chaka choyamba, amene anali poyambirira pa fulashi pomwe panagona mafilimu, sanapezeke. "Amenewo ndinawataipa ndekha usiku ndi zala ziwiri, ndisanadziwe n'komwe kompyuta," anatero. Sanakwiye, koma anakhala chete kwa kanthawi.

Tsiku loyamba lija, ndisanachoke pa papelaria, ndinatseka Windows Script Host yonse: mu registry, pa HKLM\Software\Microsoft\Windows Script Host\Settings, ndinaika Enabled ya mtundu wa DWORD, n'kuipatsa 0. Pa makina otaipira ndi kusindikizira palibe chofuna VBScript, ndipo Microsoft yomwe inalengeza mu Okutobala 2023 kuti ikuisiya pang'onopang'ono. Ndinabisanso mafayilo a sisitemu kuti desktop.ini isamawadetse nkhawa, koma michira ya mayina ndinaisiya poyera. Ndinalandira malipiro anga, ndikudziwa kuti ntchito yatha.

Chabweranso

Patapita masiku anayi, Lachisanu m'mawa, foni inalira. "Mwana wanga, chabweranso."

Ndinapeza Defender itagwira fotos.vbs pa fulashi ya shopu n'kuitsekera, koma makalata anali atabisidwanso, ma atalho ena ali mbwee. Ndinayamba ndi kudzikayikira ndekha. Autoruns inali yoyera. Gestor de Tarefas munalibe wscript. Ndinalemba kafayilo ka .vbs kongoyesera, ndipo Windows inakana kukayendetsa, kusonyeza kuti loko uja analipobe. Process Monitor inakhala theka la ola pa fulashi ya nyambo, osaona wolemba aliyense. Makina a shopu sakanatha kuchita zimenezi. Wolembayo anali kwina.

"Amayi, fulashi iyi yalowa kuti sabata ino?"

"Siichoka pano. Imagona m'dirowamu."

Sindinatsutse. Ndinatsegula Propriedades za atalho imodzi n'kuyang'ana tsiku limene inalengedwa: 3 Januwale 2011. Atalho imene Lolemba kunalibe, Lachisanu ikuoneka ya zaka zoposa khumi. Tsiku la fayilo limachokera pa wotchi ya makina amene ailemba, ndipo wotchi ya makina a shopu inali yolondola. Wotchi yobwerera m'mbuyo chotere ndi ya kompyuta imene kabatire kake ka pa bolodi kanatha.

Pali chinanso chimene anzanga ambiri sachigwiritsa ntchito. Fayilo ya .lnk kawirikawiri imasunga mkati mwake dzina la kompyuta imene inaipanga. Ukalemba type ndi dzina la atalhoyo mu cmd, pamatuluka zilembo zosawerengeka, koma chakumapeto dzinalo limaoneka bwino. Makina a shopu dzina lawo limayamba ndi DESKTOP, monga Windows 10 imatchulira yokha. Mu atalhoyo munalembedwa casa-pc. Mchira wa PC umenewo ndi mmene Windows 7 imatchulira makina.

Ndinawerenga dzinalo mokweza. Mtsikana uja anawerama. "Ndine, amayi aakulu. Magetsi anathima Lachitatu masana, lipoti la wophunzira uja lisanathe. Ndinakamalizira usiku kunyumba, pa laputopu ya achimwene."

Amayiwo sananame, sankadziwa. Mtsikanayo sanabise mwachinyengo, ankaopa kuti anena kuti iye ndiye wabweretsa matenda pa shopu. Cholakwika chinali mafunso anga a tsiku loyamba. Ndinafunsa kuti pa shopu pano pali makompyuta angati, anandiyankha zoona kuti imodzi, ine n'kukhutira. Funso loyenera linali lakuti fulashi imeneyi imalowa kuti ndi kuti, ndipo ndinayenera kufunsa wotaipayo payekha, osati pamaso pa eni shopu. Ndinawapempha amayiwo kuti asamukalipire mwanayo, chifukwa anatenga fulashi pofuna kuti kasitomala asachedwe. Anandimvera.

Laputopu ya kunyumba

Mchimwene wa mtsikanayo amaika nyimbo ndi mafilimu m'makadi ndi m'mafulashi a anthu pa msika, atalumikiza magetsi pa shopu ya wometa. Laputopu yake inali ya Windows 7, RAM ya 2 GB, batire yaikulu yakufa, kabatire ka wotchi kakufanso, yopanda antivirus. Windows 7 inasiya kulandira zigamba za chitetezo pa 14 Januwale 2020. Makadi odutsa m'makina amenewo pa tsiku ndi ochuluka kuposa mafulashi a papelaria.

Anayamba ndi kukana. "Makina anga alibe vuto, achimwene. Mafoni onse amene ndimaikamo nyimbo akuimba bwinobwino." Ankanena zoona, ndipo m'pofunika kumvetsa chifukwa chake. Foni ya Android siingayendetse fayilo ya .vbs, kotero siidwala, koma kadi yake imanyamula fayiloyo n'kukaitula pa kompyuta ina. Ndiponso foni ikalumikizidwa ndi chingwe, Windows siipatsa chilembo ngati E kapena F, choncho kachilomboka sikaiona. Kadi ikatulutsidwa n'kulowetsedwa m'kowerengera makadi, imalandira chilembo, ndipo pamenepo imagwidwa. Iye ankatulutsa makadi nthawi zonse chifukwa kukopera kumafulumira.

Ndinamuonetsa ndi fulashi ya nyambo, ndipo zimene tinaona zinaposa zimene ndinkayembekeza. Fotos.vbs inabwera. Koma panabweranso china: foda yopanda dzina looneka, mmene mafayilo onse anasamutsidwiramo, ndi atalho imodzi yokhala ndi chithunzi cha fulashi, yoitana rundll32.exe. Amenewa ndi machitidwe a Gamarue, amene ena amamutcha Andromeda. Maseva ake anagwetsedwa kumapeto kwa 2017 ndi FBI, Europol, Microsoft ndi ESET, koma kachilomboko kakuyendabe m'mafulashi, poti kufa kwa mwini sikukaletsa kuswana. Tizilombo tiwiri m'makina amodzi, tikulimbirana fulashi imodzi.

Makina otere sindiwatsuka ndi manja. Pamene palowa tiwiri kwa zaka, sungalumbire kuti wachotsa zonse. Ndinayatsa laputopuyo ndi Linux ya pa fulashi, sisitemu ina yosiyana ndi Windows, imene siyendetsa .vbs kapena .lnk, n'kukopera nyimbo ndi mafilimu ake okha pa disiki yakunja. Kenako tinakambirana choikamo. Windows 7 inatha. Windows 10 pa RAM ya 2 GB imakwawa, ndipo Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza kuisamalira. Ndinamulangiza Linux Mint ya Xfce. Anadandaula kuti sanaizolowere, tinagwirizana kuti ayese milungu iwiri, ndipo ikamukanika ndidzamuikira china popanda malipiro. Ndinasinthanso kabatire ka wotchi, CR2032.

Sanabwerere kudzasintha. Ntchito yake ndi kukopera ndi kuseweretsa mafilimu pa VLC, ndipo zonsezi zikutheka. Linux sichiritsa kadi yobwera ndi matenda, koma imaonetsa poyera mafayilo amene Windows imawabisa, choncho iye amaona .vbs ndi ma atalho ndi maso n'kuzifufuta asanaike nyimbo. Mlongo wake ndiye anavutikako: chikalata cha Word chikatsegulidwa mu LibreOffice, pulogalamu yotaipira ya pa Linuxyo, matebulo nthawi zina amasuntha. Tinapangana kuti akamaliza kutaipa kunyumba azisunganso kope la PDF, ndipo ndi limene azisindikiza.

Mmene zilili pano

Pa khoma la papelaria pali pepala limene mtsikanayo analemba yekha m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi: chokhala ndi kamuvi osadina, fulashi ya kasitomala osafomata, zolemba zikasowa itanani kaye. Makasitomala okhala ndi WhatsApp akulimbikitsidwa kutumiza zolemba pa foni ya shopu m'malo mobweretsa fulashi. Nkhani ya chiphaso cha Windows ikadalipo, amayiwo akusonkhanitsa mametikali, ndipo ndawauza kuti posachedwa makinawo adzafunika kuwaganiziranso onse.

Ndinapitako patatha mwezi. Fulashi ya shopu inali yoyera. Mu mbiri ya Defender munali zogwidwa 14, zonse za pa mafulashi a makasitomala. Mtsikanayo anaphunzira kugwiritsa ntchito type, ndipo wakhala akulemba m'kope mayina a makompyuta amene akuwapeza m'ma atalho. Dzina limodzi labwera katatu, pa mafulashi a anthu atatu osiyana, onse a gulu limodzi la alimi a ku Tsangano. Mlembi wa gululo wavomera kuti ndikaone makina awo Lachiwiri likudzali, ndipo ndamupempha kuti auze aliyense amene anaikamo fulashi yake abwere nayo.